Kaboti Koyamba M'munsi mwa Phiri la Michesi

Kaboti kachitsanzo ndi boti lenileni lochepetsedwa ndi muyeso umodzi paliponse: m'litali, m'lifupi, kuya kwake, ngakhalenso kukhuthala kwa thabwa lililonse. Apa ndi pomwe kamasiyanirana ndi kabwato kamene mwana amasema pa phesi la chimanga n'kukaponya mu ngalande mvula ikangokata. Ka mwanako kamangofunika kuyandama ndi kuthamanga kuposa ka mnzake, pomwe kachitsanzo kali ndi boti lake lalikulu limene lakocheza kwinakwake pa doko, ndipo chilichonse chimene kali nacho chiyenera kupezekanso pa botilo. M'midzi ya m'munsi mwa phiri la Michesi, m'boma la Phalombe, luso lotengera zinthu zazikulu si lachilendo. Ana amapinda mawaya n'kupanga galimoto zokhala ndi chiwongolero chachitali, amaumba ng'ombe za dothi, ena amafika poika timatayala ta zotsekera mabotolo. Koma boti limavuta mwa mtundu wina. Galimoto ya mawaya imangolondola m'mphepete mwa chinthu, m'kati n'kusiya mphepo, pomwe boti ndi thupi lopindika mbali zonse, lopanda mzere wowongoka kupatula umodzi wapakati, ndipo pamapeto pake amene amaweruza ntchitoyo ndi madzi.

Madziwo anthu a m'munsi mwa Michesi amawadziwa mwa njira yawoyawo. Phirili linapatukana ndi la Mulanje pa mpata wa Fort Lister, pomwe Angerezi anamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo, ndipo mitsinje ina yochokera m'mapiri awiriwa imatsetsereka kudutsa chigwa kukathira m'nyanja ya Chilwa. Mu Malichi 1991 mvula yamphamvu inagumula mbali za Michesi, madzi anatsika ndi miyala ndi mitengo n'kupha anthu mazanamazana, ndipo akuluakulu mpaka lero amati kunadutsa Napolo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakumbutsanso zomwezo. Kwa munthu wokulira kuno, madzi ndi chinthu chodutsa, chofunika kuchipatsa njira. Madzi okhazikika, oyendapo ndi kugonapo, ali kumunsi, ku Swang'oma ndi ku Mpoto, kumene a njinga amakapikula matemba, milamba ndi makumba zokagulitsa ku Migowi. Ndiye kuti wosema kaboti koyamba kuno amakhala akutengera chinthu chimene anachionapo, mwina anakwerapo, koma sanakhale nacho. Vuto lake n'lakuti iye amadziona ngati akuchidziwa. Mutamupatsa pensulo, ajambula chinthu chonga nthochi, chotukuka kumutu ndi kumbuyo mofanana. Palibe boti lotero pa Chilwa, ndipo kuzindikira zimenezi ndiye ntchito yoyamba, mpeni usanakhudze n'komwe mtengo.

Kusankha boti loti atengere kumabwera ndi mayesero ake. Ambiri mtima umathamangira ku Ilala, sitima yodziwika ya pa nyanja ya Malawi, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Ndi yaitali pafupifupi mamita 52, kotero pa muyeso wa 1 pa 100 ingatuluke masentimita 52, yokwana bwino pa kabati. Koma Ilala ndi yachitsulo, ili ndi nsanja, mazenera, makwerero ndi zitsulo zogwirira zosawerengeka, ndipo woyamba kumene amathera mphamvu pa tizokongoletsa thupi la sitimayo lili lokhota. Mbali inayi kuli bwato wosema pa mtengo umodzi, umene umaoneka wosavuta. Nawonso uli ndi msampha. Bwato umatsatira mtengo umene unachokerako, ndipo pakamwa pake pamakhala popapatiza kuposa mimba yake, mwakuti wokwera amakhala pamwamba pa milomo yake miyendo yokha ili m'kati. Umakhala wopendekeka pang'ono, wotupa mbali ina pomwe panali mfundo. Wosema akauwongola kuti ukongole, ndiye kuti wapanga bwato umene kulibe. Chophunzitsa bwino ndi boti la matabwa la asodzi, chifukwa lili ndi ziwalo zowerengeka: msana wapansi, nthiti, matabwa a m'mbali, thabwa lotseka kumbuyo ndi mabenchi okhalapo.

Akasankha, pamafunika ulendo wa ku doko ndi tepi, chingwe, kope ndi pensulo. Nthawi yabwino ndi pamene asodzi atsitsa nsomba ndipo maboti ali pa mtunda kapena m'madzi a m'maondo. Si msodzi aliyense angakondwe kuona mlendo akuzungulira boti lake n'kumalemba manambala. Wina aganiza za a boma, wina aganiza za mankhwala, ndipo onse awiri sakulakwa kukayika. N'chifukwa chake ntchito imayamba ndi moni ndi kudzifotokoza, wamng'ono atanjuta, n'kunena kuti, “Pepani bambo, ndimati ndiyeze nawo boti lanuli, ndikufuna kupanga kakang'ono kofanana nalo.” Akalola, amayeza kutalika konse, kenako kutambalala kwake pa theka lililonse la mita kuyambira kumutu, kuya kwake pa malo omwewo, ndi kupendekeka kwa mutu ndi thabwa lakumbuyo. Amawerenga nthiti ndi mipata yake, amawerenga matabwa a mbali imodzi. Zithunzi za pa foni zimathandiza kukumbukira, koma zimanama pa muyeso, chifukwa mbali yoyandikira wojambula imakula ndipo yakutali imafota. Chodabwitsa n'chakuti amisiri ambiri okhoma maboti m'mphepete mwa nyanja sagwiritsa ntchito pepala. Muyeso uli m'maso ndi m'manja mwawo, anautenga kwa amene anawaphunzitsa. Motero kope la wosema kabotiyo likhoza kukhala malo oyamba pamene boti limenelo linalembedwapo.

Masamu ake poyamba amaoneka a ku pulaimale. Tiyerekeze boti la mamita 6 m'litali ndi mita 1.5 m'lifupi, ndipo muyeso wosankhidwa ndi 1 pa 20. Kaboti katuluka masentimita 30 m'litali ndi masentimita 7.5 m'lifupi. Mpaka apa zonse zili bwino. Zimayamba kusokoneza pofika pa thabwa: ngati la boti lenileni ndi lokhuthala masentimita 2, la kaboti liyenera kukhala milimita imodzi. Kulemera ndiye kumadabwitsa kwambiri, chifukwa sikugawidwa ndi 20 ayi. Chinthu chachepa m'litali, m'lifupi ndi m'kuya nthawi imodzi, choncho kulemera kumagawidwa ndi 20 katatu, kutanthauza 8,000. Ngati boti lija likulemera makilogalamu 400, kachitsanzo kake koona kayenera kulemera magalamu 50 okha. Palibe woyamba kumene amene angafike pamenepo. Thabwa la milimita imodzi limathyoka m'manja lisanapindike, ndiye wosema amalisiya la mamilimita 2 kapena 3, ndipo potero waika pa boti lake matabwa amene pa doko akanakhala a masentimita 4 kapena 6, amene palibe mmisiri angawakhome. Kaboti kalemera kawiri kapena katatu kuposa mmene kayenera, ndipo kulemerako kuli m'mbali, m'mwamba, momwe kumagubuduza.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kuimapo, chifukwa ndi imene imasiyanitsa ntchitoyi ndi kungochepetsa chithunzi pa makina. Pali zinthu zimene sizilola kuchepa. Mizere ya m'thabwa imakhalabe kukula kwake komweko, mwakuti mzere umene pa boti lenileni suoneka n'komwe, pa kaboti umaoneka ngati mng'alu. Dontho la madzi silichepa. Likagwera m'kaboti ndi kapu yathunthu. Kamphepo kongogwedeza masamba kwa kaboti ndi namondwe. Msomali woona pa muyeso uja ungakhale wowonda kuposa singano. Ndiye wosema amene anayamba ndi cholinga choti chilichonse chikhale ndendende amapezeka kuti akuyenera kusankha pomwe apatuke. Ena amaona ngati kulephera kumeneko. Koma kupatuka mwadala, ukudziwa kuchuluka kwake ndi chifukwa chake, n'kosiyana ndi kulakwitsa muyeso. Amisiri odziwa amabisa kukhuthala kumene sangakupewe pansi ndi m'kati, n'kupala milomo ya m'mwamba yokha kuti ikhale yopyapyala, chifukwa diso limaweruza thabwa lonse poona mlomo wake. Ngati chimenecho ndi chinyengo, ndi chinyengo chothandiza kaboti kufanana ndi boti lake kuposa mmene masamu okha akanachitira.

Nkhani ya mtengo kuno siingakambidwe popanda mkungudza. Mtengo umenewu, umene akatswiri amautcha Widdringtonia whytei, kwawo kwenikweni ndi pamwamba pa Mulanje ndi Michesi basi, ndipo mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko. Thabwa lake ndi lopepuka, losemeka bwino, lonunkhira, ndipo mafuta ake amaletsa chiswe ndi kuola. N'chifukwa chake linkafunidwa pa madenga, pa timabokosi togulitsa kwa alendo ku Likhubula, komanso pa maboti a ku nyanja ya Malawi. Kwa wosema kaboti palibe thabwa loposa limeneli. Komatu kufunidwa komweko, pamodzi ndi moto wolusa, ndi kumene kunaumaliza: kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha pa Mulanje. Mbande zikubzalidwa ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anzawo, koma mkungudza sufulumira kukula. Amene akufuna thabwa lake lero ayenera kudzifunsa kumene lachokera. Chidutswa cha chitseko chakale kapena bokosi lothyoka chilibe mlandu. Thabwa latsopano lonyowa, logulitsidwa mobisa, n'lakuba m'nkhalango yotetezedwa ngakhale litakhala laling'ono bwanji. Ndipo kaboti koyamba, kamene mwachidziwikire kakhala ndi zolakwika zambiri, sikayenera mtengo wotero.

Oyenera ndi malaina kapena paini wopanda mfundo, ndipo zidutswa zake zimapezeka kwa akalipentala a pa Migowi kapena pa boma, nthawi zina kwaulere. Malaina ndi wofewa bwino, mizere yake sionekera kwambiri, ndipo akauma sapindika. Mlombwa ndi mbawa n'zokongola koma zolimba kwa mpeni wa wophunzira, bulugamu amang'ambika ndi kupotoka. Chachikulu n'chakuti thabwa likhale louma ndithu. Lonyowa limasemeka mokoma lero, mwezi wamawa kaboti n'kupezeka katatsegula mipata.

Zida sizichuluka. Mpeni wabwino kwambiri pa ntchitoyi ambiri amadzipangira okha ponola chidutswa cha sowo yodulira zitsulo n'kukulunga malegeni kogwirira. Pamafunikanso tchizulo yaing'ono, sowo ya mano ang'onoang'ono, lula, sandipepa wokhakhala ndi wosalala, guluu, mapini a telala ndi katoni. Galasi la botolo losweka limapala bwino kuposa sandipepa pa malo opindika: wosema amaligwira choimika pang'ono n'kumalikokera kwa iye, timapalo topyapyala tikupotana ndi kugwera pa miyendo. Mpeni wobuntha ndi umene umacheka chala, chifukwa umafuna mphamvu ndipo umaterereka.

Njira zopangira thupi la kaboti zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kusema pa chipika chimodzi: kunja kuyamba, m'kati pambuyo. Yachiwiri ndi kukhoma monga amachitira amisiri, kuyala msana, kuimika nthiti, kenako kuvala matabwa. Njira iliyonse imadalira mzere wapakati, umene umalembedwa poyambirira pamwamba, pansi, kumutu ndi kumbuyo, ndipo ukafufutika ndi kupala umalembedwanso nthawi yomweyo. Kuti mbali ziwiri zifanane, wosema amapinda katoni pakati, amajambula theka la chiwalo, amadula ali chipindire, ndipo akatambasula mbali zonse zimatuluka chimodzimodzi. Maso okha sangadaliridwe pa zimenezi, chifukwa dzanja lamanja limasema mbali imodzi mokoka ndi inayo mokankha, ndipo mbali ziwirizo zimasiyana mwini wake osaona. Amisiri a zombo ku Ulaya ndi ku America kale ankapewa vutoli posema theka lokha la thupi la chombo, n'kutenga miyeso pa thekalo pokhoma chombo chachikulu. Kwa iwo kachitsanzo kankabwera poyamba, chombo pambuyo. Kusema pa chipika n'kofulumira ndipo sikudontha, koma kumaphunzitsa maonekedwe okha. Kukhoma kumatenga masabata, ndipo ndi kumene kumaulula chifukwa chake boti lili mmene lilili.

Chimene chimaulula kwambiri ndi matabwa a m'mbali. Wophunzira amadula timatabwa tofanana m'lifupi kuyambira uku mpaka uko, n'kuyamba kumata. Loyamba limakhala bwino, lachiwiri limavutirapo, pofika lachitatu kumutu malo atha pomwe pamimba patsala mpata waukulu. Chifukwa chake n'chakuti mtunda wochokera pa msana kufika pa mlomo ndi wautali pamimba kuposa kumutu, choncho thabwa lililonse liyenera kukhala lotambalala pakati ndi lowonda kumapeto. Munthu akhoza kukwera boti zaka zambiri osaona zimenezi. Kuti kathabwa kapindike osathyoka, amakanyika m'madzi otentha, n'kukamangirira pa nthiti ndi malegeni popanda guluu, kagone pamenepo mpaka kaume ndi kuzolowera kupindikako. Mawa lake ndiye amapala m'mphepete mopendeketsa kuti kakumane bwino ndi kanzake, amapaka guluu pang'ono ndi kamtengo ka machesi, n'kugwiriziza ndi mapini. Amaika limodzi kumanja, limodzi kumanzere, mosinthanasinthana. Akamaliza mbali imodzi yonse kaye, mphamvu ya matabwa opindidwawo imakoka msana, kaboti n'kukhota mosawongoleka. Apa ntchito imayenda pang'onopang'ono, matabwa awiri pa tsiku, ndipo timaboti tambiri toyamba timafera pa siteji imeneyi, pamwamba pa kabati, nthiti zili pamtunda. Sikuti manja alephera. Mwini wake amatopa ndi kudikira guluu.

Kuyesa pa madzi kumachitikira m'beseni, pa malo opanda mphepo. Kawirikawiri kaboti koyamba kamapendekera mbali imodzi, kapena kamira kumutu, kapena kamagubuduka kakangokhudzidwa. Kupendekeka kumatanthauza kuti mbali ina yakhuthala, ndipo mankhwala ake ndi kupala m'kati mwa mbali yolemerayo. Kugubuduka kumachokera ku kulemera kwa m'mwamba kuja, ndipo kumachepa poika kachitsulo kapena tizidutswa ta mtovu pansi penipeni, pa msana. Podontha pamaoneka ndi kadontho kotuluka pa mlumikizano, ndipo amatsekapo ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, monga mmene pa doko amatsekera ndi thonje kapena nsanza ndi phula. Koma guluu woyera wa akalipentala amasungunuka akakhalitsa m'madzi, choncho kaboti koti kazisewera pa madzi kamafunika penti kapena vanishi wokuta bwino m'kati ndi kunja, ndipo utoto wochindikalawo umakwirira mizere ya matabwa imene yavutikiridwa masabata onse aja. Ndiye pamabukanso kusankha kwina: koyandama kapena koonetsa. Zitsanzo zakale zodziwika kwambiri zinali za mtundu wachiwiriwu. Mu 1920, m'manda a nduna ina ya ku Egypt yotchedwa Meketre, pafupi ndi Luxor, munapezeka timaboti tamatabwa ta zaka pafupifupi 4,000, tili ndi opalasa ake, ndipo lero tili m'nyumba zosungira zakale ku Cairo ndi New York. Sitinapangidwire kuyenda pa Nile, koma akatswiri aphunzirapo zambiri za mmene maboti a nthawi imeneyo ankayendetsedwera.

Pomaliza pamabwera utoto ndi tizipangizo. Mtima umafuna kupaka vanishi wonyezimira kuti thabwa lioneke, koma boti la pa Chilwa silinyezimira. Limakhala ndi penti wosuluka, phula lakuda m'mizere, chigamba cha lata pomwe linagunda chitsa, ndipo mwina dzina kapena mawu olembedwa pambali ndi dzanja la mwini wake. Wosema amasankha ngati akutengera botilo mmene linatulukira kwa mmisiri kapena mmene analipezera pa doko. Yachiwiriyi ndi yovuta, chifukwa kukalambitsa chinthu mwadala kumafuna diso losamala kuposa kuchikongoletsa, koma ndi imene msodzi akaona amazindikira boti lake. Nkhafi zimasemedwa pa nsungwi yong'amba. Pamafunikanso mtengo wautali wokankhira pansi, popeza Chilwa ndi yosaya ndipo m'madambo a njedza amayenda mokankha. Kachikho kokapira madzi kasaiwalike. Boti la matabwa lopanda chokapira kulibe.

Pansi pa choikapo kaboti pamayenera kulembedwa muyeso, dzina la doko ndi chaka chimene boti linayezedwa. Izi zimaoneka zazing'ono, koma maboti a pa Chilwa sakhalitsa mu mtundu umodzi. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imadalira mvula ndi mitsinje yothiramo, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kuphweranso kwambiri mu 2012 ndi 2018. Ikaphwa, maboti amatsala pa matope ong'ambika, matabwa amauma ndi kutsegula, ena osabwereranso m'madzi. Mabwato osema nawo akunka nachepa thupi chifukwa mitengo ikuluikulu yoti n'kusemapo ikusowa. Kaboti kopanda chaka ndi doko n'kokongoletsa chabe, koma kolembedwa kakhoza kuyerekezedwa ndi maboti a zaka za m'tsogolo.

Kasungidwe kake n'kosavuta koma n'kofunika kukatsatira. Kaboti kasakhale pa zenera, chifukwa dzuwa la mwezi wa Okutobala limaumitsa guluu ndi kupinda timatabwa. Kasagundane ndi khoma la dothi kapena kukhala pansi, kuopa chiswe, makamaka ngati n'ka paini. M'nyengo ya mvula, pamene chinyontho cha m'phiri chimalowa m'nyumba, mizere ina imatupa n'kudzatsegukanso m'chilimwe, ndipo imeneyo imatsekedwa ndi utuchi ndi guluu monga poyamba. Fumbi amachotsa ndi nthenga ya nkhuku, osati nsalu, chifukwa nsalu imakola mapini ndi kuthyola nkhafi. Makatoni a nthiti aja asatayidwe, pamodzi ndi kope la ku doko. Amasungidwa mu envulopu imodzi, ndipo pa katoni iliyonse pamalembedwa pomwe inachepa kapena kupitirira poyerekeza ndi boti lenileni.